Chingwe cha Alamu a Nsungwi

Ban Nong Waeng, 8 Meyi 2537

Achemwali Lamyai,

Ndikhulupirira munafika bwino ndi amuna anu. Kuno mvula yoyamba yagwa, achule ayamba kusokosa m'minda, ndipo Azakhali Thongbai afesa kale mpunga m'nazale. Ine ndili bwino. Ababa sali bwino, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa, ngakhale munakwera ndege nkhope ili gwa ngati simunaone kanthu.

Ndikukumbutseni, poti mwina mphepo ya ku Sweden imaulutsa za m'mutu. Pa chikondwerero cha madzi, alamu anga a Lennart, amene ana a m'mudzi muno akuwatcha a Nsungwi, anaganiza zotithandiza. Anatola zitenje zanu, zanga, ndi tamkati tomwe, n'kukachapa okha pachitsime, amayi onse akuonerera atagwira pakamwa. Zimenezo ndikanazimeza. Koma kuyanika kwakeko. Chingwe chathu chakuseri, chija chofika m'chiuno, anachiona chachibwana. Anamanga chawo kuchokera pa mzati wa nyumba kukafika kunkhokwe, m'mwamba molingana ndi msinkhu wawo, podutsa anthu penipeni.

Ababa amachokera kumunda ndi maso awo a ng'ala aja. Anadutsa pansi pake. Chitenje chanu chonyowa chinawakhula paliwombo, pomwe pali mphini yowateteza imene anawalemba aphunzitsi awo a kukachisi. Ndiye alamu, poona madzi akuyenderera, anaseka, n'kuwapukuta mutu ndi chikhatho, n'kuwasisita ngati kamwana ka galu.

Munalipo. Munali pamakwerero mukusenda papaya. Mpeni unaima m'manja mwanu, ndinakuonani.

Kodi ndikuphunzitseni za bambo anu omwe? Munthu amene amonke anamulemba mphini msana wonse ndi paliwombo ali mnyamata, n'kuyenda ndi njati zoweta za malonda mpaka kumalire, mpeni wa wakuba osamulowa, njoka osamuluma. Moyo wake wonse sanadutsepo pansi pa chovala cha mkazi. Amayi ali moyo ankatsika m'nyumba Ababa akafuna kulowa kunsi kwake kukatenga khasu. Ife tinakula tikukwawa podutsa pomwe akhala, kuti mitu yathu isapose wawo. Ndiye abwere mlendo adzachite mutuwo ngati chivwende cha pamsika?

Ababa anamwetulira, n'kunena kuti, “Palibe kanthu.” Atatero anakwera m'nyumba, anavula kachifanizo ka Buda kam'khosi, n'kukaika pashelefu. Mpaka lero sanakavalenso. Kumunda asiya. Dzana minga inawabaya kuphazi pabwalo pompano, anakhala pansi n'kumayang'ana magaziwo ngati ndi a munthu wina. “Waona, Anchan?” anatero. “Chitseko chatseguka.”

Safunsa anadya phula, koma phula ili wadya ndi wina. Funso langa ndi limodzi: amuna anu munawauza zimene anachita?

Mankhwala a maso munalonjeza aja tumizani.

Mng'ono wanu,
Anchan


Falun, 2 Juni 1994

Anchan mng'ono wanga,

Moni kwa iwe, kwa Ababa ndi kwa Azakhali. Kalata yako ndinaiwerenga kawiri, kachiwiri nditakhala pansi. Pakamwa pako sipanasinthe, tsabola wokhawokha.

Ababa anati palibe kanthu. Ndinamva ndi makutu angawa. Tsiku lonyamuka anamumanga Lennart ulusi woyera pamkono n'kumudalitsa monga anachitira kwa ine. Ulusiwo akadali nawo, posamba amachita kukweza mkono kuti usanyowe. Kodi munthu wokwiya amamanga mnzake ulusi?

Iwe sumudziwa Lennart. Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono. M'ndege anandiuza kuti, “Tsopano ndili ndi bambo.” Chithunzi cha Ababa wachipachika pabalaza, ndipo mnzake aliyense akabwera amamuonetsa. Kwawo kuno kugwira munthu kumutu ndi chikondi. Apongozi anga amandisisita tsitsi patebulo alendo ali pomwepo, ine n'kumangoluma mano. Amuna amachapa, amayanika paliponse, amasanjika mapazi patebulo, palibe amafa nazo. Ndiye ndimuyambe bwanji? Nditi dzanja lako lija linapha bambo anga?

Iwe unafika sekondale, unawerenga za tizirombo ta m'thupi, unkatiseka tikamaopa mizimu ya mumtengo wa bwemba. Lero ndiwe ukulemba za zitseko zotseguka? Ababa akalamba, basi. Apite nawo kuchipatala cha kuboma akawaunike. Zoyendera ndatumiza pamodzi ndi mankhwala a maso.

Ndili ndi nkhani yabwino, ngati uli ndi malo ake mumtima. Ndine woyembekezera. Uwauze Ababa bwinobwino, osati mowabaya nayo. Fungo la batala likundisanzitsa, ndikungolota mpunga womata ndi nsomba za mumtsuko wa Azakhali.

Undilembere za kuchipatala.

Mkulu wako,
Lamyai


Ban Nong Waeng, 11 Julaye 2537

Achemwali,

Ndaona kuti ndi zaka zomwe mwayamba kuwerenga za eni dzikolo. Kuno tidakali mu 2537, kuwerenga kwa Buda, ngati mungafune kudziwa. Za mimbayo tamva. Azakhali anavina pabwalo. Ababa anagwedeza mutu kwa nthawi yaitali, n'kuti, “Zabwino.”

Kuchipatala tinapita. Maso a Ababa achita chikasu ngati mkanjo wa amonke. Adokotala akuti ndi chiwindi, nsomba zosaphika za moyo wonse, ndipo anatipatsa mapiritsi odzaza thumba. Musandione ngati chitsiru, Achemwali. Ndikudziwa kuti chitenje chanu sichinaike nyongolotsi m'chiwindi cha munthu. Koma ndikudziwanso bambo anga. Munthu uyu anagwidwapo ndi malungo a m'nkhalango n'kudzuka kukalima, chifukwa ankadziwa kuti ndi wotsekedwa. Lero ndikawapatsa piritsi amalitembenuza m'manja.

“Ababa, imwani.”

“Mtsuko wobooka amathiramo madzi, mwana wanga?”

“Mtsuko wobooka amaumata. Imwani, ndisakutsineni mphuno.”

Amaseka pang'ono, n'kuliika m'kamwa. Ndikamasesa ndimapeza mapiritsiwo pansi pa nyumba, atawagwetsera pa mpata wa matabwa. Nkhuku zathu ndiye zili ndi ziwindi zabwino.

Mukufunsa ngati munthu wokwiya amamanga ulusi. Ngati ndi Ababa, inde. Anamumanga ulusi ngakhale mkulu uja anawabera njati, tsiku la ukwati wa mwana wake. Mwakhala kunja nthawi yochepa chabe ndipo mwayamba kale kumva “palibe kanthu” ngati mzungu.

Ndinapita kukachisi kwa amonke aakulu. Anati mphunzitsi amene analemba mphinizo anapita kalekale, palibe wina angazidzutse. Koma njira ilipo yokhazika mtima wa munthu pansi. Wogwira mutuyo abwere yekha ndi mbale ya maluwa oyera ndi makandulo, agwade, asambitse mapazi a Ababa, aike mutu wake pansi pa mapaziwo, apemphe kumasulidwa. Wokweza dzanja atsitse mutu, ndi momwe ananenera. Sindikuti chiwindi chidzamera china. Ndikuti mwina adzameza mapiritsi.

Chingwe chija chidakalipo. Mfundo zake zili m'mwamba moti palibe wofikira. Azakhali akuti timange chikwakwa kunsungwi tichidule. Ndakana. Chikhale pomwepo, aliyense wodutsa aziona. Ababa akafuna kupita kuchimbudzi amazungulira kuseri kwa nkhokwe ndi ndodo yawo.

Funso langa lija simunayankhe. Mwalizungulira ngati mmene Ababa akuzungulirira chingwe. Mwawauza kapena ayi?

Anchan


Falun, 5 Sepitembala 1994

Anchan,

Moni nonse. Ndachedwa kuyankha, ndikudziwa. Ndinkayamba kulemba n'kung'amba. Masiku ambiri ndinkangogona, mimbayi yandivuta, ndipo ndinkadziuza kuti ndimuuza mawa.

Ndamuuza Lamlungu lapitali.

Ukudziwa chimene ndinkaopa? Sikuti akwiya. Ndinkaopa kuti aseka, kenako adzafotokozere anzake patebulo kuti kwawo kwa mkazi wanga amaopa zochapa. Anzakewo amandifunsa kale ngati kwathu timakwera njovu popita kusukulu. Sindinkafuna Ababa asanduke nthano yotsitsira mowa.

Sanaseke. Nkhope inafiira mpaka m'makutu. Anatuluka n'kukayenda m'nkhalango ya kuseri kwa nyumba, n'kubwera nsapato zili matope. Anandifunsa funso limodzi: “Nanga bwanji aliyense ankamwetulira?” Anati akanakonda Ababa akanamumenya ndi ndodo pomwepo. Anayang'ana dzanja lake ngati lagwira ndowe.

Chiyambire tsiku limenelo akuphunzira kugwada. Amayala bulangeti m'khitchini, amapinda miyendo yake yaitali ija, mapazi kumbuyo, n'kuweramira pansi mpaka chipumi kugunda. Mawondo amalira ngati nkhuni zothyoka. Akuti ndizimuwongolera, ndisamumwetulire akalakwitsa. Mawu opepesera ndamulembera m'zilembo zawo, amawabwereza akutsuka mbale. Ukanamuona ukanaseka, mwinanso ukanamumvera chisoni, ngakhale iwe.

Kuntchito amulola kuchoka mu Okutobala. Anamwino akuti ine ndikhoza kukwera ndege mpaka kutha kwa mwezi umenewo, kupitirira apo sadzandilola. Tikapanda kubwera nthawi imeneyo, ndiye kuti mpaka mwana atabadwa.

Koma sindikufuna kuwabweretsera Ababa nkhope imene sakufuna kuiona, iwo ali pamphasa. Uwawerengere kalata iyi yonse, usadumphe. Uwafunse ngati tibwere. Chimene anene, tidzachita chomwecho.

Lamyai


Ban Nong Waeng, 24 Sepitembala 2537

Achemwali,

Tili moyo. Mpunga wayamba kubereka. Ababa sakutsikanso pansi, ndimawanyamula ndi Azakhali kuwasambitsa pakhonde. Miyendo yatupa, mimba yatupa, kwinako ndi mafupa. Mphini za pamsana zakwinyika moti zilembo zake sizikuwerengeka.

Kalata yanu ndinawawerengera yonse, ndi za mawondo zomwe. Anamvetsera atatsinzina. Nditamaliza anafunsa chinthu chimodzi chokha.

“Dziko lawolo lili mbali iti?”

Ndinati kolowera dzuwa, kupitirira mtengo wa bwemba, kupitirira chilichonse. Anati, “Ooh.” Basi.

Dzuwa likupendeka ndinatsika kukatsekera njati. Pobwera ndinapeza adzikoka okha, munthu wosatha kunyamula kapu, atembenuza mphasa. Pilo aika kumadzulo.

Sindikuuzani amene amagona mutu uli kumadzulo. Ngakhale ku Sweden simungaiwale mmene tinawagonekera Amayi. Azakhali atangoona anakhala pansi n'kuyamba kulira. Ine ndinagwira mphasayo kuti ndiibweze, Ababa anandigwira pamkono mwamphamvu imene sindinkadziwa kuti akadali nayo. “Isiye,” anatero.

Yankho lanu ndi limenelo. Munthu wamva kuti womugwira mutu akubwera, n'kudzigoneka ngati mtembo. Mukufuna anene chiyani china? Ababa sanganene kuti musabwere, pakamwa pawo sipanapangidwe choncho. Ndiye ndikunenerani ine, poti panga panapangidwa choncho. Musabwere.

Miyezi iwiri munakhala pa kalata yanga ngati nkhuku pa mazira. Mu Julaye akanatha kukhala pampando n'kutambasula mapazi. Pano mukufuna mudzasambitse chiyani? Mudzi wonse udzadzaza pabwalo kudzaonerera mzungu akugwada, ana akuseka, Ababa ali gone ngati nsomba pathandala. Manyazi amodzi aja akwana. A Nsungwi apitirize kuthyola mawondo m'khitchini mwawo.

Samalani mimbayo.

Anchan


Ban Nong Waeng, 13 Okutobala 2537

Lamyai,

Ndine azakhali ako Thongbai ndikulemba, koma mawu ndi a bambo ako. Anchan wapita kuboma kukatenga mankhwala. Akuti ndilembe mmene akunenera, ndisakometse.

Mwana wanga, ndakupatsa moni, ndi mwamuna wako, ndi ali m'mimbayo.

Ndikumva galimoto ya kumsika ikuima kumsewu, koma simukutsika. Mwina Anchan wakulemberani zotentha. Usamukwiyire. Mwana ameneyu akundipukuta ngati khanda, anasiya ntchito ya kusitolo ya kuboma chifukwa cha ine. Mkwiyo ndiyo ndodo imene akuyendera, ndikamulanda agwa. Komanso ukamuuza liwu limodzi amakubwezera khumi, ndipo mpweya wanga watsala wochepa.

Za mphasa ndi izi. Moyo wanga wonse ndagona mutu kum'mawa. Sindinadziwe kuti mapazi anga akuloza kwa iwe. Anchan atandiuza kumene muli, ndinawerenga miyezi yonse imene ndakhala ndikupondetsa mapazi mwana wanga, mkamwini wanga, ndi mdzukulu amene sanaone n'komwe dzuwa. Munthu akuphunzira kundigwadira, ine ndamutambasulira zidendene. Ndinachita manyazi. Akufa amagona choncho, ndikudziwa. Koma kumeneko ndikupitako kale, kutembenuza pilo sikufupikitsa njira.

Za mutu sindinama. Zinandipweteka. Chimene aphunzitsi anga anatseka chinatseguka tsiku lija, ndinachimva chikutuluka. Koma mlendo ndi mwana, amadziwa chimene wauzidwa. Tinamuona akumanga chingwe, tonse. Ine ndinamuona m'mawa akuyesa mfundo, ndinati ndimuuze, n'kuganiza kuti achita manyazi, ndizizungulira. Pobwera kumunda ndinaiwala. Tinamusiya agwe m'dzenje chifukwa choopa kumuuza kuti pali dzenje.

Abwere ndi mbale ya maluwayo. Sikuti ine ndichire. Ndikufuna asasenze chinthu chimenechi kupita nacho moyo wina, n'kumusenzetsanso mwana. Bwerani msanga. Mukandipeza nditapita, umuuze m'chiyankhulo chake kuti Bunsong wammasula, alibe naye mlandu m'moyo uno kapena ukubwerawo. Adzagwade pa mafupa, ndidzamva.

Ndapota ulusi utatu, uli pansi pa pilo.

Bambo ako,
Bunsong

Ine Thongbai ndikuwonjezera. Andiletsa kumuuza Anchan, ndalumbira. Zilembo zachizungu za pa envelopu ndajambula kuchokera pa yakale, mmene zikuonekera. Nsomba zako ndakusungira.


Ban Nong Waeng, 20 Novembala 2537

Achemwali,

Telegalamu munailandira, ndiye mukudziwa. Ndikulemba kuti mudziwe mmene zinayendera, musadzamve kwa ena.

Anapita m'mawa, anthu ali m'minda kumweta mpunga. Ndinali nditawapatsa madzi a mpunga pasupuni, anameza kamodzi. Panalibe chowatembenuza, anali atadzigoneka kale.

Masabata omalizawa galimoto ya kumsika ikaima kumsewu ankatsegula maso n'kufunsa kuti, “Watsika ndani?” Ndinkawauza kuti palibe, agone, sindilola munthu kuwavutitsa. Ankatsinzinanso. Mantha amenewo anafa nawo, ndipo amuna anu adziwe.

Anthu anabwera ambiri. Ogulitsa njati akale anachokera kutali, ena akuyendera ndodo. Tinatulutsa dzanja lawo lamanja pa nsalu, aliyense n'kumathira madzi onunkhira kupempha kukhululukidwa. Mzere unafika kumsewu. Ndinathira kawiri, kachiwiri m'malo mwanu. M'malo mwa a Nsungwi sindinathire.

Kachifanizo ka Buda kaja ndinawaveka m'khosi tisanatseke bokosi, n'kukavula tisanayatse moto wotenthera mtembo. Kali pashelefu. Mafupa ali m'kabokosi ka mkuwa kukachisi, pafupi ndi a Amayi.

Azakhali sakundiyankhula bwino, sindikudziwa chimene ndawalakwira. Amangoyang'ana kumsewu n'kumang'ung'udza kuti ana a masiku ano mitima yawo ndi miyala.

Mukachira mutiuze ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi.

Anchan


Falun, 16 Januwale 1995

Anchan,

Ndi wamwamuna. Anabadwa Lachinayi, chisanu chili mpaka m'mawindo. Tamutcha Bunsong.

Nditatuluka m'chipatala ndinapeza kalata m'bokosi, envelopu yake yodzaza zidindo za maiko amene sindinawapondepo. Azakhali anajambula zilembo zina chadodolido, ndiye yakhala ikuzungulira miyezi itatu. Ndaiika muno. Ndi ya Ababa. Uiwerenge wekha, utakhala pansi.

Ndinamumasulira Lennart mawu ndi mawu. Sanalire pamaso panga. Analowa m'bafa n'kutsegula madzi.

Matikiti a Okutobala tinali titagula, mng'ono wanga. Tinawabweza chifukwa cha kalata yako. Ankafunsa kuti watsika ndani, iwe n'kumati palibe.

Zanga ndikuzidziwa, miyezi iwiri ija idzandidya mpaka kufa. Koma iwe unandilembera kuti safunsa anadya phula. Unali pambali pawo usana ndi usiku. Ndinakupempha chinthu chimodzi, kuti uwafunse. Unawafunsa?

Tikufuna kubwera pa chikondwerero cha madzi, amonke akamadzapempherera mafupa. Nyumbayo tsopano ili m'manja mwako. Ukati tisakwere makwerero, tidzagona kwa Azakhali.

Lamyai


Ban Nong Waeng, 9 Febuluwale 2538

Achemwali,

Moni kwa inu ndi kwa mwana. Mpunga uli m'nkhokwe. Njati yaikazi yaswa.

Kalata ya Ababa ndawerenga. Ndinapita nayo kwa Azakhali, tinakalipirana mpaka agalu anauwa, kenako anandipakulira chakudya. Ulusi utatu uja ndinaupeza mu Novembala pochotsa pilo. Ndinkaganiza kuti unali wa ine, inu ndi Azakhali. Ndauika pashelefu pambali pa kachifanizo.

Mukufunsa ngati ndinawafunsa. Sindinawafunse. M'nyumba muno ndani anafunsapo mnzake kanthu? Inu simunamuuze mwamuna wanu, Ababa sanandiuze ine, Azakhali anasunga lumbiro mpaka munthu anapsa. Tonse aulemu. Ngati mukudikira kuti ndigwade pa pepala, mudikira. Ababa anamasula amuna anu, ndi ufulu wawo. Ine sindine Ababa.

Kwa Azakhali simukagona, denga lawo likudontha ndipo anthu anganene. Mudzafikira kuno. Koma ulendo uno palibe womwetulira, ndiye a Nsungwi muwauze izi m'chiyankhulo chawo, musakometse. Nsapato zitsale pansi pa makwerero. Pakhomo asaponde pa mtanda wa chitseko, adumphe. Munthu akagona pansi asamulumphe, ngakhale mwana, azungulire. Akakhala pansi mapazi apinde kumbuyo, asaloze nawo shelefu, amonke, kapena mbale ya chakudya, ndipo chinthu chikagwa asachikankhe ndi phazi. Podutsa pa akuluakulu awerame, ndikudziwa kuti ulendo wake ndi wautali kuchokera kumwambako, awerame basi. Dzanja lawo lisakwere kupitirira phewa la munthu aliyense. Zochapa ndichapa ine. Akalakwitsa ndidzawauza pomwepo, pagulu, ndipo asadzati sanachenjezedwe.

Inunso, kukachisi mudzaike zopereka pansalu, musadzapatsire amonke m'manja ngati mwaiwala kuti ndinu mkazi. Maluwa oyera ndi makandulo ndidzakonza. Mapazi osambitsa kulibe, adzasambitsa kabokosi.

Ulusi wa mwana ndidzamanga ine, ndi kumuuzira mpweya paliwombo monga akanachitira agogo ake. Wanu adzamanga Azakhali. Wachitatuwo tidzaona.

Mphasa yanga ndaipingasa, mapazi aloza kukhola la njati. Musaganize kuti ndi chifukwa cha inu. Ndi mwanayo.

Chingwe chija chidakalipo. Chada ndi mvula, mbalame zimaterapo. Ndikamapita kunkhokwe ndimazungulira kuseri, m'kanjira kamene Ababa anaponda ndi ndodo yawo miyezi yonse imene ndinakana kuchidula. Udzu sunamerebe pamenepo. Ndinayesa kuchimasula sabata yatha nditakwera pamtondo, sindinafikire.

Palibe wamtali pano. Abwere adzamasule okha.

Mng'ono wanu,
Anchan